Gitala ya a Longwe ndi Kutha kwa Ntchito Yanga

Ana anga, ndakhala ndikukuuzani kuti ndinapuma ntchito msanga chifukwa cha makutu. Amayi anu nawonso akhala akundithandiza bodza limeneli mokhulupirika, Mulungu awadalitse. Makutuwo amalira ndithu mpaka lero, koma si amene anandichotsa pa wailesi. Ndinachita kuchotsedwa, kutatsala chaka chimodzi kuti ndipume mwaulemu, ndipo mlandu wake unali wa gitala. Ndalemba izi kuti mumve kwa mwini wake, musadzamve kwa anthu pa maliro anga.

Chaka changa choyamba pa ntchito

Ndinayamba ntchito pa wailesi ina ku Blantyre ndili ndi ndevu zowerengeka. Sindinali wolankhula ayi. Ine ndinali wa kuseri kwa galasi, wokhala pa mikisa, makina a mabatani ambiri aja amene amakweza ndi kutsitsa mawu asanapite kwa omvera. Anandiphunzitsa ntchito ndi a Kachingwe, bambo wamfupi, wosaseka, woyenda ndi rula m'thumba la malaya. Tsiku loyamba anandikhazika pampando n'kuzimitsa zonse, m'chipinda monse muli zii. Kenako anayamba kumenya tebulo ndi rula ija. Kamodzi, kawiri, katatu, kanayi, kasanu. "Wamva? Pamene ndafikapa ndiye kuti ntchito yakuthera," anatero. "Munthu kumudzi wagulitsa nkhuku kuti agule mabatire. Sanagule kuti azimvera chete wako. Wailesi ikati zii, ponya chilichonse, ngakhale kulira kwa mbuzi." Lamulo limenelo linandilowa m'magazi. Mpaka lero abusa akaima pakati pa ulaliki kuti apume, zala zanga zimawerenga zokha pa bondo.

Lamulo lachiwiri linali m'dirowa yokiya. Munali tepi imodzi yokha, ya nyimbo zozizira, zopanda mawu, zoyenda pang'onopang'ono. "Iyi usadzaigwire," anatero a Kachingwe, "pokhapokha foni itachokera kwa akuluakulu." Sindinafunse chifukwa chake, poti aliyense amene anakula ndi wailesi m'dziko muno akudziwa. Ukamva wailesi yasiya zonse masana dzuwa likuswa mtengo, n'kumangoyimba zozizira popanda wolankhula, ndiye kuti wina wamkulu watisiya. Amayi amasiya kusinja, abambo amavula zipewa, aliyense amadikira dzina. Kiyi wa dirowa imeneyo ndinadzamusunga ndine kwa zaka zambiri. Muzisunge zimenezi, chifukwa ndi zimene zikukulitsa kupusa kwanga kumene kukubweraku.

Chaka chimene tinasamukira ku Mzuzu

Mawailesi ang'onoang'ono atayamba kuphuka ngati bowa, ndinamva kuti ku Mzuzu akufuna munthu wodziwa makina, ndipo ndinapita. Inu munali aang'ono, mwina mukungokumbukira kuzizira ndi kulira kuti tibwerere kwathu. Wailesi yake inali nyumba ya zipinda zitatu kuseri kwa tauni, makoma a situdiyo atamatidwa mathireyi a mazira kuti mawu asamabwerere. Maikolofoni yabwino inali imodzi, inayo inkafuna uyambe waimenya kaye. Magetsi akathima, jenereta inkatsokomola kaye isanadzuke, ndipo mafuta ake tinkachita kupempha. Mahedifoni anga ndinkamanga ndi mphira wa chubu cha njinga. Koma m'zaka zonsezo wailesi ija sinakhalepo chete kufika kasanu ine ndili pa mikisa. Zimenezo ndimazinyadira, ndipo satifiketi zake ndi ziwiri zija zili pamwamba pa kabati.

Bwana wathu anali a Nyirenda, mphunzitsi wamkulu wopuma, munthu wovala tayi ngakhale Loweruka. Musadzamve wina akunena kuti anali woipa. Ankangoopa chinthu chimodzi, komiti ya eni wailesi, ndipo komitiyo inkaopa amene amapereka chiphaso choulutsira mawu. "Ba Mbewe," ankatero, "chiphaso ichi ndi dzira. Ine ndanyamula, sono imwe musandigunde chigongono." Ndinkaseka, chifukwa pa antchito onse ine ndinali womalizira kuganiziridwa kuti ndingagunde munthu chigongono.

Tinkachita lendi ku Mchengautuwa, khomo ndi khomo ndi Che Yusufu, mwini golosale, wochokera ku Mangochi. Tinagwirizana msanga poti tonse Chitumbuka chinkatipota lilime. Mkazi wawo, Abiti Saidi, mukuwakumbukira, amene ankakutumizirani mpunga wa nyama pa Idi ndi kukukalipirani mukamayenda opanda juzi. Anali mayi wa pakamwa pakuthwa, ndipo wailesi yawo yaing'ono inkakhala pa shelefu ya sopo tsiku lonse. Akandiona ndikuweruka ankafuula, "A Mbewe, wailesi yanu ija imalongolola ngati apongozi! Simupuma?" Ine ndinkayankha kuti kupuma kwa wailesi ndiye kufa kwa ntchito yanga, iwo n'kumaseka.

Meyi wa chaka changa chomaliza

Ampulifaya ya mu situdiyo inapsa, ndipo anandilozera kwa munthu wina wokonza mawailesi ku Geisha, dera lina la mu Mzuzu momwemo, a Longwe, kwawo ku Nkhata Bay. Ndinakwera kabaza, kamvula kowaza kaja kakundilowa m'khosi. Nditayandikira kashedi kawo ndinamva kulira kwina kotalika, kosadukiza, ndipo ndinati mumtima, munthu uyu akonza bwanji zanga pamene zake zomwe zikung'ung'udza chonchi. Nditalowa ndinapeza bambo wamtali, wowonda, atakhala pa kampando ndi gitala ya magetsi. Pansi panali kabokosi koponda ndi phazi, kamene mbale wawo anawatumizira kuchokera ku Joni. Ankakhudza nsambo imodzi mawu atatsitsa, kenako n'kumakweza pang'onopang'ono ndi kachala kakang'ono, moti kukhudzako sunkakumva, unkangomva mawu akubwera ngati akuchokera kuseri kwa phiri. Akaponda kabokosi kaja, mawuwo ankabwereza okha, iwo n'kuyalapo ena pamwamba. Panalibe ng'oma, panalibe woyimba, panalibe poti n'kuombera m'manja.

Ndinadikira mwaulemu mphindi zisanu, kenako ndinatsokomola. "Pepani bambo, mukamaliza kuchuna mundithandizeko."

Anatsegula maso n'kumwetulira. "Ada, ndayamba kale. Nyimbo yake ndi yomweyi."

"Nanga povina ndi pati?"

"Palibe, ada. Khalani pansi waka."

Ndinakhala pa kanema wakufa, nditakwiya, poti ndinali ndi changu. Tsono apa ndiulule za makutu. Zaka za mahedifoni zinandisiyira nyenje ziwiri m'mutu, zolira usana ndi usiku, ndipo ndinkabisa poopa kuti anganene kuti ndakalamba. Nditakhala pamenepo kanthawi, ndinadzidzimuka kuona kuti nyenje zija sindikuzimva. Sikuti zinachoka, koma zinalowerera m'mawu a gitala aja n'kusowa. Mapewa anga, amene sindinkadziwa n'komwe kuti ndawakweza, anatsika okha. Nditacheuka ndinaona anyamata awiri a kabaza amene anabisala mvula pakhomo, ndi mayi wina wa beseni la nthochi, onse ali duu. A Longwe atamaliza palibe anaomba m'manja. Mayi uja anangosenza beseni lake n'kunena kuti, "Yewo, adada, mutu wapepuka," basi n'kumapita.

Ndinawafunsa a Longwe kuti zimenezi anazitenga kuti. Anati anayimba gitala m'kwaya ya kutchalitchi zaka zambiri mpaka mawu anawatopetsa. "Nyimbo ya mawu imakuuza choti uganize, ada. Iyi imakusiya uganize wekha." Ndinabwerako ndi ampulifaya yokonzedwa ndiponso ndi maganizo amene ndikanachita bwino kuwasiya konko. Ndinkafuna tauni yonse imve zimene ndinamva ine.

Lachitatu lina mu Juni

Chakudza sichiyimba ng'oma. Mlangizi wa zaulimi amene ankalankhula masana Lachitatu lililonse anaimba foni kuti njinga yake yamoto ilibe mafuta. Theka la ola linali pululu. A Nyirenda ndinali nditawapemphapo kale za a Longwe, iwo n'kungoti tiona, koma tsiku limenelo anasowa pogwira ndipo anavomera. A Longwe anafika pa kabaza atakumbatira gitala. Muulutsi wa tsikulo ananena kamodzi kokha kuti tsopano timvere gitala ya a Longwe a ku Geisha, kenako anatuluka kukagula tchipisi pa chiwaya. Ine ndinakweza mawu, ndinatsamira mpando, ndinatsinzina. Ndinkadzimva ngati munthu amene wabweretsa mvula.

Patatha mphindi khumi getsi la foni ya mu situdiyo linayamba kuphethira. Nditayankha ndinamva mawu a mayi akunjenjemera, "Wafwa ninjani, adada?" Ndinati mwalakwitsa nambala. Yachiwiri inali ya bambo wina: "Tiuzeni zoona, tisachite kumva kwa akunja. Wamwalira ndani?" Apo m'pamene dirowa ya a Kachingwe inanditsegukira m'mutu. Aliyense amene anatsegula wailesi yake mochedwa sanamve dzina la a Longwe. Anangomva zozizira, zopanda mawu, masana, popanda wolankhula. Nditasuzumira pazenera ndinaona a kabaza atadzaza pageti, ena atavula zipewa. Ndinadzamva pambuyo pake kuti kumsika ena anali atayamba kutseka mabenchi, ndipo kudepoti anthu anali atapha kale akuluakulu atatu ndi pakamwa, aliyense akulumbira kuti wake ndiye woona.

A Nyirenda analowa tayi ili paphewa. "Dulani! Dulani sono!" Ndinadula, n'kuponya nyimbo yovina imene inali pafupi. Iwo anakhala pa maikolofoni okha n'kupepesa katatu, m'Chitumbuka, m'Chichewa ndi m'Chingerezi. Masana onse foni zinkachokera kumaofesi amene sitinkafuna kuti atidziwe. A Longwe anakulunga mawaya awo mwakachetechete n'kunena kuti, "Pepani chomene, ada." Ine ndinangowatembenukira msana chifukwa cha manyazi.

Komiti inakumana Lachisanu ndipo inkafuna ndichoke. A Nyirenda anandiimira, nalonjeza ndi pakamwa pawo kuti sizidzachitikanso. Anandipatsa kalata ya chenjezo lomaliza: nyimbo zoterozo zikadzamvekanso pa wailesi ija, ndidzachoke tsiku lomwelo. Ndinasaina osatsutsa. Sindinakwiyire komiti, ndinadzikwiyira ndekha. Mnyamata wadzana akanalakwa chonchi tikanati sadziwa, koma ine ndinali mwini kiyi wa dirowa.

Julaye

Abiti Saidi anali akudwala kuyambira nthawi ya dzinja. Inali khansa, ndipo kuchipatala anali atawabweza kunyumba ndi mankhwala ochepetsa ululu, amene masiku ena ankagwira, masiku ena ayi. Makoma athu anali oyandikana moti kubuula kwawo tinkakumva tikumwa tiyi. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Che Yusufu, munthu wamanyazi amene sanandipemphepo ngakhale machesi, anabwera m'mawa wina ndisanapite kuntchito n'kukhala pakhonde.

"Achimwene, zija munaika Lachitatu lija zidzabweranso liti?"

Ndinayesa akundiseka. "Che Yusufu, inunso? Tauni yonse yandiseka, kwatsala inu?"

"Ayi, sindikuseka." Ankapotokola zala, maso ali pansi. "Anthu akuthamangathamanga kunjaku, mayi kunyumbaku anagona. Anali atatha masiku anayi osatseka maso. Wailesi inali papilo, ndinangoona dzanja lawo lamasuka. Anadzadzuka ndi nyimbo yanu yovina ija. Ine za nyimbo sinditsata, mukudziwa. Koma izi ndinaona ndi maso angawa."

Ndinaganiza kuti n'zosavuta. Ndinapita ku Geisha, ndinapepesa a Longwe chifukwa cha mwano wanga, ndipo tinajambula ola lathunthu pa kakhadi kolowetsa mu wailesi. Amayi anu anakawaikira. Abiti anamvetsera pang'ono n'kukankha wailesi. "Izi n'zakale," anatero. "Munthuyo palibepo. Zija ndinkamva kuti wakhala penapake nthawi yomweyo, akupuma pamodzi ndi ine." Ndinatumiza mawu kuti mawu ojambula ndi a pompopompo ndi amodzimodzi, makina sanama. Yankho linabwera lalifupi: a Mbewe amadziwa mawaya basi.

Ndinati ndiye a Longwe abwere adzayimbire kunyumba konko. Che Yusufu anagwira mutu. "Gitala yozizira pakhomo pa wodwala? Mchengautuwa yense abwera akulira, mkazi wanga akupuma. Komanso mmene atheramu safuna mwamuna wachilendo awaone." Ndinapita kwa a Nyirenda n'kuwafotokozera zonse. Anamvetsera mpaka kumapeto, anavula magalasi, anawapukuta nthawi yaitali. "Ndakumvani, ba Mbewe, kweni yayi, sizitheka. Ndinaika khosi langa chifukwa cha imwe. Musandipemphenso."

Masiku awiri ndinkangoyenda ngati nkhuku yonyowa. Amayi anu, amene ankapita m'mawa uliwonse kukawasambitsa Abiti, anadikira mpaka Lachisanu. Tsikulo anandiikira madzi osamba n'kuima pakhomo. "Ndikudziwa kuti kwatsala chaka chimodzi," anatero. "Koma inu mumangomva kubuula, ine ndimawaona. Sabata yamawa sindikudziwa ngati adzakhalepo. Chitani chimene simudzachita nacho manyazi."

Ndinapeza nzeru imene ndinkaiona ngati yakuya. Lamlungu masana ndinkakhala ndekha pa wailesi, kumangoika mapulogalamu ojambula kale. Chimene chinasokoneza anthu Lachitatu lija chinali kusowa kwa wolankhula. Ndiye ndikamalankhula ndekha mphindi ziwiri zilizonse, palibe angadzidzimuke, ndipo komiti ikadzandiitana ndidzati onani, palibe benchi imene inatsekedwa. Ndinkafuna kuthandiza Abiti, koma ndisaname, ndinkafunanso kupulumutsa ntchito yanga.

Lamlungu lija

A Longwe anafika itangokwana 2 koloko, nkhope ili yokayika. "Ada, nanga ntchito yanu?" Ndinati imeneyo isiyireni ine. Ndinatumiza uthenga kwa Che Yusufu kuti atsegule wailesi. Kenako ndinachita chimene sindinachitepo m'zaka zoposa makumi atatu: ndinakoka maikolofoni n'kulankhula ndekha pa wailesi. Mawu anga ankanjenjemera ngati a mwana wa sukulu. "Omvera athu, musadandaule, palibe amene wamwalira. Awa ndi a Longwe a ku Geisha, akuyimba gitala." Ndinawakodola, ndipo mawu aja anayamba kukwera pang'onopang'ono.

Maso anga anali pa wotchi ya pakhoma. Mphindi ziwiri zikakwana ndinkatsitsa gitala n'kubwereza mawu omwewo. Kachiwiri, kachitatu, kachinayi. Ndikalowerera, a Longwe ankachita tsinya ngati ndawaponda chala, koma foni ya mu situdiyo inali phee. Ndinayamba kudzitama mumtima kuti ukalamba ndi nzeru. Nthawi yomweyo foni yanga ya m'thumba inanjenjemera. Anali Che Yusufu.

"Achimwene," anatero motsitsa mawu, "akuti musiye."

"Tisiye kuyimba?"

"Ayi, kulankhulako. Akangoti atseke maso, inu mwabwera ndi nkhani ya kumwalira. Pano akulira."

Kanayi konse ndinali nditanong'oneza mawu amenewo m'khutu la munthu amene akuyembekeza imfa, wailesi ili papilo pake, ine n'kumadziona wochenjera. "Pepani, Che Yusufu. Ndisintha, ndizingotchula dzina la woyimba."

"Mawu alionse akuwadzidzimutsa. Koma ngati n'zosatheka, ingozimitsani, tamvetsa. Musataye ntchito chifukwa cha ife." Chakumbuyo kwake ndinamva mawu ofooka, koma akuthwa monga kale: "Muwauze akhale chete."

Foni inaduka. Wotchi inkasonyeza kuti kwatsala masekondi makumi awiri kuti ndilankhulenso, ndipo pa nthawi imene ndinawapatsa a Longwe panatsala mphindi makumi awiri. Ndinayang'ana maikolofoni, ndinayang'ana batani la nyimbo yovina limene ndinali nditakonzeratu. Ndinaganiza za inu, za lendi, za kalata imene ndinasaina ndi dzanja langa, za a Nyirenda ataima pamaso pa komiti. Mantha ndinali nawo, ana anga. Muvi wa wotchi unafika, unadutsa. Ndinatsitsa maikolofoni mpaka pansi, ndinadzuka, ndinakiya chitseko cha situdiyo n'kuika kiyi m'thumba. A Longwe anandiyang'ana. Ndinagwedeza mutu kuti pitirizani.

Getsi la foni linayamba kuphethira patatha mphindi zinayi. Ndinalivundikira ndi chipewa. Tsono a Longwe, poona kuti palibenso wowadula, anatsinzina n'kulowa m'nyimbo yawo mmene ankachitira ku Geisha. Anayala mawu okhuthala pansi, ena opyapyala pamwamba, kenako anayamba kuwachotsa amodziamodzi mpaka kamuvi ka pa mikisa kanagona pansi. Zii. Zala zanga zinayamba zokha pa bondo. Kamodzi, kawiri, katatu, kanayi, kasanu. Ndinamva rula ya a Kachingwe m'mutu. Dzanja langa linanyamuka lokha kupita pa batani lija, ndipo ndinachita kulibweza n'kulikhalira. Kasanu ndi kamodzi, kasanu ndi kawiri. Ndinafika khumi ndi kawiri, thukuta lili kamukamu m'kuzizira kwa Julaye. Kenako kamawu kamodzi, kochepa ngati ulusi, kanabwerera.

Chitseko chinagunda. Pa kagalasi ka pachitseko panaoneka nkhope ya a Nyirenda, ali mu suti ya kutchalitchi, akupuma mwaphuma. "Ba Mbewe! Julani! Tsegulani chitseko ichi!" Ndinaimirira n'kuwaonetsa zala khumi, kutanthauza mphindi zimene zinatsala. Anamenyanso chitseko ndi chikhatho. Kenako anasiya, ndipo ndinadziwa kumene akupita. Swichi yaikulu yozimitsa wailesi yonse inali m'khonde momwemo, masitepe atatu kuchokera pachitseko, ndipo imeneyo sindikanaikiya. Ndinasuzumira pa kagalasi ndipo ndinaona dzanja lawo lili pa swichiyo. Ndinatola pepala, ndinalemba zilembo zikuluzikulu kuti MAYI AJA, n'kuligunditsa pagalasi.

Anawerenga. Anandiyang'ana ndi maso amene sindidzawaiwala, a munthu amene mnzake wamupereka. M'khondemo munali sipika yaing'ono, ndipo gitala ija inkamveka bwinobwino. Ndinkadikira kuti magetsi a pa mikisa athime nthawi ina iliyonse. Mphindi imodzi inatha, ziwiri, zisanu. Dzanja lija silinachoke pa swichi, komanso silinakoke. Bambo uja anaima choncho mphindi khumi zathunthu, mutu atazolika, foni yawo ikulira m'thumba osaiyankha.

A Longwe atatsitsa mawu omaliza ndinatsegula chitseko. A Nyirenda analowa osandiyang'ana, anakhala pa maikolofoni, anauza omvera modekha kuti kunja kuli bata ndipo imene amamva ija inali gitala chabe. Atatseka anatembenuka. "Mwandipha, ba Mbewe," anatero. "Mawa 8 koloko mu ofesi."

Pageti panali anthu, ocheperapo kusiyana ndi ulendo woyamba, koma analipo, ndipo wina anandifunsa kuti wafa ndani. Ndinayenda wapansi mpaka ku Mchengautuwa. Nditakhota pa njira yathu ndinaona golosale ya Che Yusufu ili yotseka masanasana, ndipo mtima unangoti phaa. Ndinayamba kuthamanga. Pakhonde pawo panali amayi anu, ndipo atandiona anaika chala pamilomo. Ndinavula nsapato n'kukhala pambali pawo. M'nyumbamo munalibe kubuula. Abiti Saidi anagona mpaka dzuwa kupendeka.

Sabata yotsatira

Lolemba kalata inali itatayipidwa kale. Komiti inali itaimbirana mafoni dzulo lake, ndipo a Nyirenda nawonso ntchito yawo inapulumukira mkamwa mwa mbuzi. Anandikankhira kalatayo, cholembera chili m'manja, asanasaine. "Kasi anagona?" anafunsa osadzutsa mutu. Ndinati, "Anagona, bwana." Anagwedeza mutu kawiri, n'kusaina. Sindinawasungire chakukhosi, ndipo inunso musatero. Lonjezo linali lawo, amene analiswa ndine. Ndinatenga mahedifoni anga a mphira aja n'kutuluka, ndipo ndinalira ndithu ndili pa kabaza, wa kabazayo n'kumayesa ndi chimfine.

Lachiwiri Abiti anandiitanitsa. Kanali koyamba kuwaona m'miyezi itatu, ndipo ndikanakumana nawo pena sindikanawazindikira. Wailesi yaing'ono ija inali papilo, yozimitsa. Ndinakhala pampando pafupi ndi chitseko, Che Yusufu ataima kumutu kwa bedi.

"A Mbewe, ndamva akuchotsani."

"Eya, mayi."

"Pepani." Anapuma nthawi yaitali, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga sindinawerenge. "Zaka zonsezi ndimakuuzani kuti mumalongolola. Lamlungu munakhala chete bwino. Zikomo."

Anamwalira Lachisanu m'mawa, ndipo anaikidwa tsiku lomwelo monga mwa mwambo wawo, popanda nyimbo. A Longwe anabwera, anaima nane kumbuyo, manja ali m'thumba.

Ntchito sindinaipezenso, poti ndani angalembe munthu wa imvi amene anasokoneza tauni kawiri. Zimene tinadutsamo chaka chotsatira mukuzidziwa, munali akuluakulu, ndipo pa zimenezo ndikupepesa. Satifiketi ziwiri zili pakabati zija, zondiyamikira kuti sindinalolepo wailesi kukhala chete, mudzachite nazo zimene mungafune. Koma m'chikwama chakuda pansi pa bedi muli kalata yondichotsa ntchito. Imeneyo musadzayatsire mbaula.